Chigamba Pamkono, Panado Pansi pa Pilo

Lolemba, 2 Juni

Andigoneka lero cha m'ma 10 koloko, bedi nambala 3, pafupi ndi zenera. Ndine Alinesi Kamwaza, zaka 58, wa ku Area 2. Ndalemba dzina chifukwa zaka 31 zomwe ndinataipa makalata ku Capital Hill zinandiphunzitsa kuti pepala lopanda dzina ndi tsiku limasochera. Matenda: nyamakazi yotupitsa mfundo, chaka chachisanu ndi chimodzi. Ndadzera kafukufuku wa mankhwala atsopano. Cholembera ndachikulunga kansalu kuti chinenepe, apo ayi zala sizichigwira. Dzanja lakana, ndalekera pomwepa.

Lachiwiri, 3 Juni

Magazi timabotolo tinayi, mkodzo, kujambula chifuwa. Akufuna atsimikize kuti ndilibe TB, poti mankhwalawa amafooketsako chitetezo cha m'thupi, ndiye matenda obisala amatha kudzuka.

Sisitala Jenifa, namwino wa wodi yathu, anawerenga mfundo zotupa: 14. Kuuma kwa m'mawa: maola awiri ndi mphindi 20. Pali kachipangizo kofinya koyezera mphamvu ya dzanja. Lamanja 5, lamanzere 4. Akuti mayi wa msinkhu wanga amayenera kupitirira 20.

Bedi nambala 4 pali a Rahima, ogulitsa nsalu mu Malangalanga. Matenda athu ndi amodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Inu si munkagula nsalu yoyera ya Mvano kwa ine, n'kumanena kuti mita yanga ndi yaifupi?" Ndinavomera. Anati, "Inali yokwana." Taseka mpaka nthiti kuwawa.

Lachitatu, 4 Juni

TB ndilibe. Ndathokoza Mulungu.

Kunabwera a dokotala Wiza, amene akuyang'anira kafukufukuyu. Ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga Clifton, koma akamalankhula umamvera. Anakhala pa mpando pakati pa mabedi athu awiri n'kutsegula laputopu. Ndilemba momwe ndamvera.

Anati mankhwala ena ali ngati mchenga, ena ali ngati miyala ya maziko. Panado ndi mchenga, amalowa paliponse. Awa a nyamakazi ndi miyala. Ukawamwa, m'mimba mumawagaya ngati dzira, asanagwire ntchito. Ukawapaka, khungu silowalola, chifukwa maselo a khungu amagwirana zolimba ngati njerwa za pakhoma. N'chifukwa chake mpaka pano njira yake ndi jakisoni basi.

Ndiye anationetsa chigamba. Kukula kwake ngati bokosi la machesi. Kunsi kwake kuli timasingano tambirimbiri, tatifupi kwambiri, tosafika pomwe pali mitsempha yomvera ululu. Ndinafunsa ngati nzeru yake ndi kubowola basi. Anati ayi, kubowola kokha sikukwanira. Pathupi pa kasingano kalikonse anasemapo timapiri ndi timaenje tating'onoting'ono, toti m'lifupi mwa tsitsi limodzi mungandandalike toposa zana. Maselo a khungu akakhudzana ndi timapirito amamasula pang'ono pomwe agwirana, kwa maola owerengeka. Mankhwala amadutsa. Ukachotsa chigamba, amagwirananso.

Chithunzi chake chokuzidwa chinkaoneka ngati mizere ya munda wa fodya utaiona uli paphiri.

Anatinso sakudziwabe ngati chigambachi chingafanane mphamvu ndi jakisoni, n'chifukwa chake akutiyesa. Ena alandira chigamba, ena jakisoni. Ine chigamba, a Rahima jakisoni.

"Wasankha ndani?" anafunsa a Rahima.

"Kompyuta inachita maere, amayi."

"Kompyutayo ndi ya mpingo wa anzangawa."

Fomu yovomereza ndi ya masamba 11. Ndaiwerenga yonse, ndapezamo mawu awiri otaipidwa molakwika. A dokotala awachonga.

Lachinayi, 5 Juni

Chigamba choyamba. 9:10 m'mawa, mkono wamanzere, m'munsi mwa phewa. Anapukuta ndi sipiriti, n'kudina ndi kachipangizo kamene kanalira kuti thi. Ndinkadikira ululu, osabwera. Zinangomveka ngati mphaka wandinyambita. Pamwamba pa chigamba pali kathumba ka mankhwala kamene kamaphwa pang'onopang'ono.

Magazi: pakutha pa ola limodzi, awiri, anayi, asanu ndi atatu. Anaika kanula, kapaipi ka mumtsempha, kuti asamangondibaya. Anachotsa chigamba 1:10 masana. Patsala malo ofiira a ngodya zinayi, okhala ndi timadontho. Sipakuyabwa.

A Rahima anabayidwa pantchafu. Amaopa singano ngati mwana, anatembenukira kukhoma n'kumatchula dzina la Mulungu. Ndinawagwira chala chimodzi, poti dzanja lonse sitingagwirane.

Lachisanu, 6 Juni

Kufiira kwazimiririka. Kuuma: maola awiri ndi mphindi 5. Kunja kukuzizira, mphepo ya Juni ikulowera pazenera. Amuna anga a Lexon anabwera ndi futali ndi tiyi wa m'fulasiki. Zaka zitatu tsopano ndi iwo amene amaphika, kuchapa, ndi kundimanga mabatani. Munthu amene ankayendetsa mabwana pa galimoto ya boma, lero amadziwa mtengo wa nsinjiro pamsika. Sanadandaulepo. Futali anachulutsa mchere, ndadya yense.

Loweruka, 7 Juni

Lero ndi Idi kwa a Rahima. Mwana wawo Sumayya anabwera ndi pilawu ndi nyama ya mbuzi, mbale zokwana wodi yonse ndi anamwino omwe. A Rahima anavala mpango wobiriwira, Sumayya ndiye anawamanga. Tonse awiri timadyera masupuni okulungidwa nsalu pachigwiriro. Mpunga wina unathera pa bulangete. A Rahima anati, "Achemwali, tikadzachira tidzadye ndi manja, anthu aone."

Sumayya atapita, a Rahima anatembenukira kwa ine. Akuti aka n'koyamba kudya Idi kunja kwa nyumba yawo.

Lolemba, 9 Juni

Kuuma: ola limodzi ndi mphindi 10. Ndinayang'ana wotchi kawiri. Mfundo zotupa: 11. Kofinya: 7 ndi 6.

A dokotala Wiza anati tisayambe kuimba nyimbo, nthawi zina kupuma kokha ndi kufunda kumathandiza. Koma anati m'magazi mwanga mankhwala akuoneka, ndiye kuti anadutsadi pakhungu. Ndinayang'ana pamkono. Palibe ngakhale chipsera.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndamanga ndekha mabatani atatu a bulauzi. Batani lachinayi linandikana. A Lexon atafika anatambasula manja mwa chizolowezi kuti andikonze, n'kupeza ntchito yatha kale. Anaima, manja ali m'malere. Anati, "Nambewe, mwandichotsa ntchito?" Anatuluka panja kanthawi, akuti kukaona ngati kantini yatsegula.

Ndachotsa kansalu pa cholembera. Zilembo zanga zayamba kufanana ndi zanga. Ndakhala ndikuyang'ana zala, ndipo ndakumbukira mmene zinkathamangira pa taipi, mabwana ataima kumbuyo kudikira kalata ya nduna. Sindikupempha zimenezo. Ndikupempha kusenda mbatata, kutsegula mpopi, kunyamula mdzukulu osaopa kumugwetsa. Chigamba chachiwiri ndi mkuja, Lachinayi. Ndikuwerenga maola.

Lachitatu, 11 Juni

Ndilemba zoona, poti bukuli ndi langa.

Kuyambira dzulo madzulo pokodza pakuwotcha. Lero msana ukuwawa mbali ya kumanja, ndipo masana ndinamva kuzizira kosachokera pazenera. Tsamba 7 la fomu ija likunena kuti munthu akatentha thupi kapena akapezeka ndi matenda ena, mankhwala amaimitsidwa, ndipo akhoza kuchotsedwa mu kafukufuku. Ndikulikumbukira mzere ndi mzere.

A Lexon atabwera ndinawanong'oneza kuti akandigulire Panado pa golosale ya pageti. Anati, "Bwanji osawauza asisitala?" Ndinati ndi kachimfine chabe, ndipo akandichotsa ndibwerera komwe ndachokera, kumangidwa mabatani mpaka imfa. Anandiyang'ana, n'kupita. Anabwera naye atamubisa m'thumba la jekete.

Amayeza kutentha 2 koloko ndi 6 koloko. Ndinamwa awiri 1 koloko, awiri ena 5 koloko. Sisitala Jenifa analemba 37.1 ndi 37.3. Anati, "Muli bwino, amayi?" Ndinati ndili bwino.

Ndingopirira mpaka mawa 9 koloko. Akangomata chigamba, ndinena.

Lachinayi, 12 Juni

Chigamba sanamate.

Lachisanu, 13 Juni

Dripi. Kutentha 39.4. Kusanza. Sindikulankhula ndi a bedi nambala 4.

Loweruka, 14 Juni

38.2. Mutu wapepukako. Ndilembe za Lachinayi zisanasokonekere.

M'mawa umenewo ndinadzuka ndikunjenjemera mpaka bedi kulira. Ndinamwa Panado 7 koloko, nditafunda bulangete kumutu. Nditavundukula ndinapeza a Rahima akundiyang'ana.

"Achemwali, mukumwa chiyani?"

"Palibe."

"Dzulo ndakuonani kawiri. Milomo yanu yauma, mukuyenda mutagwira msana. Auzeni."

Ndinawapempha. Ndinati angondipatsa maola awiri okha. Ndinati iwo jakisoni wawo alandira ndithu, asanditsekere ine njira.

Hafu pasiti eyiti Sisitala Jenifa analowa ndi tebulo lake la matayala, chigamba chili pamwamba mu pepala lake losatsegula. Anayamba kundipinda dzanja la bulauzi. A Rahima anati, mokweza kuti wodi yonse imve, "Asisitala, musanamate chinthucho, kwezani pilo wa anzangawa."

Anakweza. Anatenga kapepala ka Panado, n'kuwerenga mabowo opanda kanthu: asanu ndi limodzi. Sanakalipe. Anangobwezera chigamba m'bokosi n'kupita kukaitana a dokotala. Ine ndinawauza a Rahima mawu amene sindilemba muno.

Lero a dokotala Wiza anakhala pa bedi langa. Anati matenda anayambira m'chikhodzodzo, anakwera mpaka ku impso ya kumanja, ndipo anali atayamba kulowa m'magazi. Anati, "Amayi, tikanawonjezera mankhwala ofooketsa chitetezo pamwamba pa zimenezi, mwina lero ndikanakhala ndikulankhula ndi abambo okha." Ananena motsitsa mawu, osandiyang'ana ngati wolakwa.

Anatinso sakudziwa ngati mankhwalawa ndiwo anatsegulira matendawo khomo kapena zinangokumana, koma ayenera kulemba zonse, Panado yemwe. Akuti chomwe chabisika pa ine chingadzapweteke mayi wina amene adzamatidwe chigamba chomwechi kutali ndi chipatala. Zimenezo sindinaziganizepo. Ndinkangoona zala zanga.

Ngati ndipitirize kapena ayi, si iwo ogamula. Pali komiti. Iyankha mlungu wamawa.

Lamulungu, 15 Juni

37.4 popanda Panado. Ndadya phala.

A Lexon anabwera kuchokera ku tchalitchi, atavala suti. Masiku atatuwa akhala akungofika, kuika chakudya, n'kubwerera. Lero anapita kaye kwa Sisitala Jenifa kukanena okha kuti Panado anagula ndi iwo. Kenako anaima kumiyendo kwa bedi la a Rahima, chipewa chili m'manja, n'kuti, "Amayi, mwandisungira mkazi. Ine ndinalephera." A Rahima anati, "Khalani pansi, abambo, mukutitchingira dzuwa."

A Lexon atapita, ndinafuna kuyamba ine kulankhula. Koma anayamba ndi a Rahima, akuyang'ana kudenga.

Anati malemu amuna awo anali ndi shuga. Anatuluka chilonda kuphazi, n'kuwalumbiritsa kuti asauze ana, poti ankaopa kudulidwa mwendo. A Rahima anamvera. Ankatsuka chilondacho okha, chitseko chotseka, miyezi iwiri. Pomwe ana anadziwa n'kuti nthawi itatha kale.

"Chinsinsi ndinasunga bwino, achemwali. Mpaka lero ndili nacho. Munthu ndiye ndilibe."

Ndinatsika pabedi, n'kukoka mtengo wa dripi mpaka pa bedi lawo. Ndinapepesa chifukwa cha mawu aja. Anati pamsika anamvapo oposa amenewo, ndipo ena anali ochokera kwa ine ndemwe pa nkhani ya mita. Tinalira pang'ono. Kenako anandiuza kuti ndibwerere pabedi langa ndisanagwe, iwo alibe manja ondidzutsira.

Lachiwiri, 17 Juni

Achotsa dripi, tsopano ndi mapiritsi, kawiri pa tsiku. Kutentha 36.8. Mkodzo atenganso.

Kuuma kwabwerera: ola limodzi ndi mphindi 45. Mabatani awiri okha. Kansalu ndakabwezera pa cholembera. Komiti sinayankhe.

A Rahima analandira jakisoni wachiwiri pa tsiku lake, ndipo akupeza bwino: kofinya 9 ndi 8. Lero apesa okha tsitsi. Ndinkaganiza kuti ndichita nsanje. Yabwera pang'ono, n'kupita.

Lachitatu, 18 Juni

Palibe yankho. Ndapemphera kuti likabwera loipa ndilirandire bwino. Ndaona kuti ngakhale atandichotsa, ndili moyo, ndipo mlungu watha sindinkadziwa kuti zimenezo zinali pa sikelo.

Sumayya anabweretsa zitumbuwa. Wandisankhira zofewa.

Lachinayi, 19 Juni

Mkodzo uli bwino, magazi ali bwino. Cha m'ma 3 koloko a dokotala Wiza analowa ndi pepala m'manja, nkhope yosaonetsa kanthu. Anati komiti yalola kuti ndipitirize, koma pali malamulo awiri. Loyamba, azindiyeza mkodzo ndi magazi chigamba chilichonse chisanamatidwe. Lachiwiri, mankhwala alionse, ngakhale a mutu, ndiziyamba ndafunsa.

Ndinati, "Zikomo, mwanangu," kenako ndinachita manyazi poti ndi a dokotala. Anati palibe kanthu, amayi awo ali ku Rumphi, amva bwino kuti kuno aliko wina.

A Rahima anaombera m'manja. Kuomba kwake kunamveka ndithu.

Lachisanu, 20 Juni

Chigamba chachiwiri. 9:05, mkono wamanja. Asanamate, Sisitala Jenifa anakweza pilo wanga, n'kusuzumira, n'kuubwezera. Wodi yonse inaseka, ine ndemwe.

Nthawi ino ndinapempha kuti ndichione chisanatayidwe. Anandibwereka galasi lokuzira zinthu. Timasingano ndinationa, tonyezimira, tondandalikana bwino. Timapiri tija ayi, akuti timafuna makina aakulu ngati kabati. Ndaganiza za anthu amene anakhala pansi n'kusema zinthu zimene iwo eni sangazione ndi maso, osadziwa kuti kuli Alinesi ku Area 2. Sindidzawadziwa maina. Ndawapempherera choncho.

Anachotsa 1:05. Kufiira pang'ono, kutentha 36.7.

Lamulungu, 22 Juni

Kuuma: mphindi 50. Mfundo zotupa: 8. Kofinya: 10 ndi 8. Ndasenda ndekha nachesi, madzi ake anandilowa m'diso, ndinasangalala.

A dokotala achenjeza kuti zala ziwiri zomwe zinapindika kale siziwongoka, ndipo palibe akudziwa kuti kupeza bwinoku kukhalitsa bwanji. Ndamva. Mawa tonse awiri tikutuluka. Tizibwera Lachisanu lililonse kwa miyezi itatu, ine kudzamatidwa, a Rahima kudzabayidwa. Tapangana kuti tizikumana pa siteji ya minibasi ya kumsika, hafu pasiti seveni.

Lolemba, 23 Juni

Ndikulemba nditavala kale, chikwama chili pabedi. A Lexon apita kukafuna takisi.

Sisitala Jenifa anabwera ndi fomu yotulukira. Pansi pake pali mizere iwiri ya anthu oti achipatala aziwaimbira pakati pa mlungu kufunsa mmene ndilili. Pa mzere woyamba ndinalemba a Lexon. Asisitala anati, "Wachiwiri akhale munthu woti mukamuuza kuti asanene, anenabe." A Lexon anali pomwepo. Anati, "Pamenepo ine ndiye ayi," ndipo sanakhumudwe.

Ndinaganiza za Clifton, koma ali ku Mzuzu, ndipo pafoni ndimatha kumunamiza mosavuta. Ndinatembenukira ku bedi nambala 4. A Rahima anali akulongedza, Sumayya akuwathandiza.

"Achemwali, nambala yanu."

Anasiya kulongedza. "Mukudziwa chimene mukupempha? Ine ndizibwera kwanu osagogoda. Ndizikugwirani pachipumi pamaso pa alendo."

"Ndikudziwa."

Anatchula nambala pang'onopang'ono, kawiri, ine ndikulemba. Kenako anaitanitsa fomuyo kuti aone ngati sindinasinthe dala nambala ina. Anaiwerenga yonse, n'kuibweza kwa asisitala.

Pa mzerewo pali kabokosi kofunsa kuti munthuyo ndi ndani wanga. Asisitala anadikira, cholembera chili m'manja mwanga. Ndinalemba kuti mchemwali.